Dziwe la abwana, mgolo wa ife

Chisanu chapita, abale anzanga. Anzathu a kaunjika ku Tsoka ayamba kale kubweza majuzi ndi majekete m'matumba, ndipo amene atsala nawo akugulitsa ngati akutaya. Mphepo ya Ogasiti yatidyetsa fumbi mokwanira, tsopano maso ali pa Okutobala, mwezi umene ngakhale galu amasowa pogona. Nthawi ngati ino kumayadi, ku Area 10, Area 12 ndi Area 43, kumakhala ntchito ina imene ambiri a ife sitiiona chifukwa cha mipanda italiitali: akukonza maiwe osambiramo, ma swimming pool aja, kuti ayambenso kusambamo.

Musayambe mwatsonya. Ndikudziwa kuti mayi wina pa benchi ya tomato ku Msungwi akuti, "Iwe mtolankhani, ife madzi akumwa tikuchita kulawirira 4 koloko m'mawa, za dziwe la abwana zitikhudza pati?" Zikukhudzani ndithu amayi, ingondipatsani mpata.

Tiyambe ndi masamu, paja inu masamu ndiye kudya kwanu. Dziwe lapakhomo lotalika mamita 8, mulifupi mamita 4, kuya mita imodzi ndi theka, limalowa malita 48,000. Zimenezi ndi ndowa 2,400 za malita 20. Banja lotunga ndowa zisanu patsiku pa kiyosiki ku Chinsapo lingathe chaka chathunthu ndi miyezi ina itatu lisanamalize madzi amenewo. Ndipo dzuwa likalusa, madziwo akangotsika ndi theka la sentimita patsiku, ndiye kuti malita 160 auluka, ndowa zisanu ndi zitatu, popanda amene wasambamo. Ndikaganiza zimenezi mutu umandiwawa, koma lero sindinabwerere nsanje.

Pali achimwene ena a ku Mgona amene ndinakula nawo, akhala gadeni boyi kumayadi zaka zambiri. Iwowa ndi amene anandimasulira za ntchitoyi. Mu Juni ndi Julaye, dziwe limangokhala. Lilongwe ali pamtunda, mamita opitirira 1,000 kuchokera pomwe palekezera nyanja yamchere, ndipo usiku wa miyezi imeneyi kuzizira kumatha kutsika mpaka pansi pa madigiri 10. Madzi ambiri ali pamodzi akagwira chisanu cha usiku amachedwa kufunda, choncho ngakhale masana kuwale dzuwa, ukaviikamo phazi umalibweza wekha. Anthu amasangalala kusambira madzi akafika madigiri 26 mpaka 28. Ngakhale a mipikisano yosambira ya dziko lonse lamulo lawo limati madzi akhale pakati pa 25 ndi 28. Akakhala pansi pa 20, mwana amatuluka mano akugundana. Abwana ena osafuna kudikira amayala mapaipi akuda padenga kuti dzuwa lifunditse madzi, ena amafunditsa dziwelo chinsalu cha pulasitiki usiku kuti kutentha kusathawe.

Anzathu amene ali ku Joni, ambiri ntchito yawo ndi yomweyi, ndipo kumeneko Sepitembala akangolowa onse amakhala kalikiliki. Ku Ulaya ndi ku America nyengo zawo nzosemphana ndi zathu, iwo amatsegula maiwe cha mu Epulo ndi Meyi, atawavindikira nthawi yonse ya chisanu.

Tsono chimene chinandigwira mtima ndi ichi. Achimwenewo akuti munthu wodziwa ntchito sadikira kuti madzi afunde ndiye ayambe kukonza. Amayamba madzi akadali ozizira, chifukwa kutentha kumene kumasangalatsa abwana ndi komwenso kumadzutsa ndere ndi tizilombo. Ukachedwa, masiku ochepa okha dziwe labiriwira ngati dambo. Ndiye amavuula masamba, kukwecha makoma, kutsuka sefa ya mchenga, kuyatsa pampu kuti madzi aziyenda maola angapo patsiku, nkuthira klorini. Ali ndi kabokosi koyezera, amadonthezamo mankhwala nkuona mtundu umene madzi asanduke. Ndipo klorini amathira madzulo, chifukwa dzuwa limamudya. Ukathira m'mawa wa Okutobala, pofika masana mphamvu yake yambiri yapita.

Mwamva? Madzi osambira chabe, amene palibe akumwa, akuyezedwa ngati wodwala wa ku Central. Nanga mgolo uja uli kuseri kwa benchi yanu, munausuzumira liti mkati?

Tisanamizane. Miyezi ya Sepitembala mpaka Novembala mitsinje imaphwa, zitsime za m'makomo zimatsika, mipopi yambiri imangotulutsa mpweya masana. Madzi a mzinda uno amachokera mu mtsinje wa Lilongwe ndi madamu awiri a Kamuzu ku Malingunde, pamene anthu mu mzindawu tinapitirira kale theka la miliyoni kalekale, kalembera wa 2018 anatipeza tili pafupifupi miliyoni. Ndiye aliyense amasunga. Wa chiwaya ali ndi mgolo wake, wa thobwa ali ndi ndowa zake, wa mafilizesi ndi wa lesitilanti chimodzimodzi. Madzi a pa mpopi amabwera ndi klorini pang'ono, koma mukawaika mu mgolo wosavindikira padzuwa, zimene zimachitika mu dziwe la abwana zimachitika momwemonso. Klorini amatha, madzi amafunda, kenako kumabwera kapu imene yagwiridwa ndi manja khumi, manja omwe angolandira kumene ndalama ndi kusenda mbatata. Ikani chala m'mbali mwa mgolo. Mukamva kuterera, dziwani kuti muli alendo.

Sitinaiwale za kolera. Mliri uja unayamba mu Malichi 2022 ku Machinga, nkufalikira maboma onse, ndipo unapha anthu opitirira 1,700. Lilongwe anali m'gulu la maboma amene anakhudzidwa koposa. Mu Januwale 2023 sukulu za mu mzinda uno ndi wa Blantyre zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha matendawa, ndipo mu Febuluwale chaka chomwecho Dr Lazarus Chakwera, ali mtsogoleri wa dziko, anakakhazikitsira kampeni ya Tithetse Kolera ku Mgona konkuno. Chodabwitsa cha mliri umenewo nchakuti sunadikire mvula monga tinazolowera, unapitirira ngakhale m'chilimwe. Ndipo inu mavenda mukudziwa kuti kolera akangomveka, oyamba kulozedwa chala ndi ogulitsa zakudya zophikaphika. Bizinesi imaima, katapila ndiye saima.

Choseketsa nchakuti mankhwala ndi amodzimodzi. Ufa woyera wa HTH umene gadeni boyi amathira mu dziwe ndi mtundu womwewo wa klorini umene alangizi a zaumoyo amasungunula nkumagawa m'mabotolo nthawi ya mliri. Koma apa ndichenjeze, pakuti ndikuwadziwa anthu a kwathu. Wina akamva zimenezi apempha mlamu wake wa kumayadi kuti amutapireko m'kajumbo. Ayi bambo, ufa umenewo ngwamphamvu kwambiri, umaotcha khungu ndi kukhosi, ndipo mankhwala ena a m'maiwe amasakanizidwa ndi zinthu zosayenera kumwa. Gwiritsani wosungunula kale wochokera kwa alangizi, pa muyeso umene iwo akuuzani, kapena WaterGuard motsata zolembedwa pa botolo, ndipo mudikire mphindi 30 musanamwe. Madzi akakhala a matope, ayambe adikha nkusefedwa, chifukwa klorini sagwira bwino ntchito m'madzi akuda. Mgolo utsukidwe ndi sopo madzi atsopano asanalowe, uvindikiridwe, ukhale pamthunzi. Akumwa akhale mu chigubu cha kukamwa kwakung'ono, choti nkupungula, osati chopisamo kapu.

Pali mbali ina imene imandiwawa kuposa zonsezi. Ifenso kwathu kuno maiwe amatsegulidwa mu Sepitembala, kungoti alibe gadeni boyi. Ana akaweruka ku sukulu dzuwa lili paliwombo, mayi ali ku msika mpaka mdima, amathamangira ku Lingadzi, ku Nankhaka, ku kamtsinje ka Mchesi, kapena mu nkhuti zimene oumba njerwa anasiya. Nanenso ndinasambako, kukoma kwake ndikukudziwa. Koma madzi odikha ofunda ndiwo mudzi wa nkhono zofalitsa likodzo. Tizilombo take timatuluka mu nkhonomo makamaka masana, nthawi yomwe anawo alimo, ndipo timalowera pakhungu, sipafunika kumwa madziwo. Mwana akayamba kukodza magazi, ena amati wakula, ena amati wamulodza. Ndi likodzo limenelo, ndipo mankhwala ake, praziquantel, ndi aja amagawa m'sukulu. Akabwera ogawa musamuuze mwana kuti athawe, ingomupatsani chakudya asanamwe.

Nkhuti nazo nzachinyengo. M'mphepete madzi amalekeza m'mawondo, ukangoponda kawiri wagwera pamene anakumba mozama, pansi pali thope logwira miyendo. Mvula yoyamba ikagwa mu Novembala ndiye zimadzaza mpaka osadziwika polekezera. Kumayadi eni nzeru amamanga kampanda kuzungulira dziwe chifukwa mwana wamng'ono amamira mwakachetechete, sakuwa ngati za m'mafilimu. Kwathu amene anakumba dothi anagulitsa njerwa zake nkupita, dzenje analisiyira ife.

Ndiye a komiti ya msika, a mabuloko lida, inu amene simuchedwa kuitanitsa msonkhano pakakhala nkhani ya chopereka cha maliro, itanitsaniko umodzi mwezi uno wa migolo ndi maenje. Muitane mlangizi wa zaumoyo wa dera lanu abwere ndi klorini wake. Muitanenso mmodzi mwa anyamata ogwira ntchito kumayadi aja, alipo ambiri ku Mgona, ku Kauma ndi ku Mtandire, abwereke kabokosi koyezera kaja Loweruka limodzi, tiyeze mgolo wa pa chiwaya tonse tikuona.