Tsikani pa boma la Mangochi musanathamangire kunyanja

Anthu ambiri akamati apita ku Mangochi amatanthauza kumchenga wa kunyanja. Boma lenilenilo amangoliona pazenera la galimoto, mtima uli ku Monkey Bay. Inenso ndinkatero, mpaka pamene ukwati wa mwana wa achemwali anga unandigoneka pa bomapo masiku atatu. Ndinabwerako nditatsimikiza kuti tauni imeneyi timailakwira poidutsa ngati siteji.

Wochokera ku Blantyre amakwera minibasi ku Limbe, kudutsa Zomba, kuwoloka Shire pa Liwonde, kenako kukhotera kumpoto kudzera pa Ulongwe. Ndi msewu wa M3, mtunda wa makilomita pafupifupi 190. Koma minibasi imanyamuka ikadzaza, ndipo oitanira akati watsala mmodzi, suzumiranimo nokha muwerenge mipando. Funsaninso kondakitala ngati ikukafika pa boma, poti ina imathera pa Liwonde n'kukusiyani m'manja mwa anzawo. Lawirirani m'mamawa kuti mukafike kukuwala, ndipo tengani madzi akumwa. Mukayamba kuona milambe ndi migwalangwa ikuchuluka, thukuta likutsika, dziwani kuti nyanja ya Malombe ili kudzanja lamanja ndipo mwayandikira.

Mukatsika pa depoti, oyamba kukulonjerani ndi a kabaza. Mangochi ndi malo achidikha, choncho njinga yakapalasa imafika paliponse: kumsika, kuchipatala, kumalo ogona alendo, ngakhale kutsidya kwa mtsinje. Gwirizanani mtengo musanakhale pakaliyala, ndipo khalani ndi ndalama zing'onozing'ono. Mukasankha njinga yamoto, pemphani chipewa. Nyumba yomwe ndinkafuna ine inalibe nambala. Anangondiuza kuti ili kuseri kwa mzikiti, pafupi ndi chigayo. Wakabaza wina wachikulire anangomva dzina la banjalo n'kunena kuti, "Kwerani achimwene, ndikuwadziwa." Anakanditula pakhomo penipeni. Safunsa anadya phula, ndipo pa Mangochi wofunika kumufunsa ndi wakabaza.

Bambo yemweyo ndi amene m'mawa mwake anandionetsa zomwe ndinakhala ndikuzidutsa zaka zonsezi. Pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi pali nsanja ya wotchi yomwe atsamunda anamanga pokumbukira Mfumukazi Victoria, kalelo tauniyi ikutchedwa Fort Johnston. Dzinali linachokera kwa Harry Johnston, ndipo linga lake loyamba linakhazikitsidwa mu 1891, nthawi yolimbana ndi malonda a akapolo. Chapomwepo pali mfuti yaikulu ya sitima yankhondo ya Gwendolen, yomwe mu August 1914 inawombera sitima ya Ajeremani pa nyanja yathu. Palinso chikumbutso cha anthu 145 omwe anamira ndi sitima ya Vipya mu 1946. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali, ndikuganizira mabanja omwe anadikira padoko abale osabweranso. Nyumba yosungira mbiri ya nyanja, Lake Malawi Museum, ili pafupi moti mumangoyenda wapansi.

Kenako kwerani pamlatho muime pakati. Pansi panu Shire akutuluka m'nyanja ya Malawi kulowera ku Malombe, asodzi akupalasa mabwato, amayi akuchapa m'mphepete. Kutsogolo msewu ukukwera mapiri kupita ku Namwera mpaka kuchipata cha Chiponde, polowera ku Mozambique. Mukaima apo mumamvetsa chifukwa chake anthu akhala akusonkhana pamalo amenewa kuyambira kale: madzi ndi njira zapamtunda zimakumanirana pompo.

Mlendo azikumbukiranso kuti kuno ndi kwa eni ake. Ambiri ndi Ayao, ndipo ngakhale Chichewa amachimva bwino, kungopereka moni woti "Ali uli?" kumamasula nkhope ya wogulitsa nsomba. Lachisanu masana ambiri amapita kumzikiti, choncho zogula zanu gulirenitu m'mawa. Zovala zakumchenga zisungeni m'chikwama mpaka mukafike kumchengako. Musajambule munthu musanamupemphe.

Chimene chimandipweteka n'chakuti ndalama za alendo zimadutsa pa bomali ngati madzi a Shire, osatsalira mayi wophika nsima ya chambo kumsika kapena mnyamata wopalasa njinga dzuwa lili paliwombo. Ulendo wotsatira, patulani ngakhale theka la tsiku. Tsikani pa depoti, idyani kumsika, kwerani kabaza ndipo mulipire mosanyinyirika. Bambo uja atanditula pa depoti tsiku lobwerera, anandigwira chanza n'kuti ndikadzabweranso ndidzabwere ndi ana, adzaone mfuti ija ndi maso awo. Tchuthi chikubwerachi ndikupita nawo.