Cifu anacepetsa, koma sikelo siyenda: cimene cimacitika m'masabata oyamba

Opaleshoni yocepetsa cifu yaleka kukhala nkhani ya pa TV cabe. Muno mu Lusaka mungaimve manje ku saluni, pa magulu a WhatsApp a kitchen party, ngakhale pa mpando wakumbuyo wa minibasi pamene tatsekeleka pa Great East Road. Wina watenga loni ku nchito, wina wagulitsa ka plot, wakwela ndeke kupita ku India kapena ku South Africa kuti madokotala akamudule cifu. Akabwelako, funso la acibale ni limodzi: "Manje ba sista, mwacotsa makilo angati?"

Funso limeneli limafika pa nthawi yoipa. Pa sabata lacitatu kapena lacinayi pambuyo pa opaleshoni, sikelo ya anthu ambili imaima. Munthu akumwa tumasupuni twa supu, njala alibe, ndalama zinapita, koma nambala ni imodzimodzi kwa masiku 7, 10, nthawi zina kuposa. Maganizo anga ni akuti kuima kwa sikelo si vuto. Cimene cingagoneke munthu m'cipatala ni zimene amayamba kucita cifukwa ca mantha, maka-maka ngati dokotala amene anamucita opaleshoni ali kutsidya la nyanja.

Nkhaniyi idzakula, kaili matupi a m'tauni akusintha. Kafukufuku wa boma wa Zambia Demographic and Health Survey anapeza kuti mu 2007 azimayi 19 pa 100 a zaka 15 mpaka 49 anali onenepa kupitilila muyezo. Pofika 2013-14 anali 23 pa 100, ndipo m'matauni ciwelengelo cinali cokwela kuposa kumidzi. Kunja nako malamulo anafewa. Kale, kucokela mu 1991, opaleshoniyi inali ya munthu wa BMI 40, kapena 35 ngati ali na matenda monga shuga. Mu 2022 mabungwe akulu a madokotala a nchitoyi anatsitsa malile kufika pa 35, na pa 30 kwa odwala shuga. BMI ni nambala imene amapeza poyelekeza kulemela na kutalika kwa munthu. Conco anthu oyenelela aculuka.

Opaleshoni yofala kwambili ni imene amaichula kuti sleeve. Amacotsa pafupifupi magawo 75 mpaka 80 pa 100 a cifu, cotsalaco cimakhala copyapyala ngati nthoci. Mbali imene amacotsa ni imene imapanga ghrelin wambili, homoni imene imauza ubongo kuti njala yabwela. Ina ni bypass: amapanga kathumba kakang'ono pamwamba pa cifu na kukalumikiza ku matumbo, cakudya cimadumpha njila ina. Zonse ziwili sizicotsa mafuta pa tebulo la opaleshoni. Mafuta amasungunuka pang'onopang'ono kwa miyezi 12 mpaka 18.

Manje n'cifukwa ciani makilo amagwa mwamsanga poyamba, kenako n'kuima? Yankho ni madzi. Thupi limasunga shuga m'ciwindi na m'minofu, amene madokotala amamuchula kuti glycogen, ndipo galamu imodzi ya shuga ameneyu imagwila madzi pafupifupi magalamu atatu. Odwala ambili amauzidwa kudya zocepa kwambili kwa masabata awili opaleshoni ikalibe kucitika, kuti ciwindi cicepe. Pa nthawiyo na masiku oyamba pambuyo pake, nkhokwe ya shuga imatha, madzi ake amatuluka na mkodzo, sikelo imatsika mokondweletsa. Ambili mwa makilo oyambawo si mafuta. Pambuyo pake thupi limayamba kubwezela ina mwa nkhokweyo pamodzi na madzi ake. Onjezaniponi madilipi a m'cipatala, kutupa kwa mkati pamene cilonda cikupola, kudzimbidwa cifukwa ca mankhwala a ululu na cakudya cocepa, komanso kwa azimayi madzi amene thupi limasunga akakhala pafupi kupita kumwezi.

Tiyeni tiwelenge monga kondakita awelengela cenji. Kilo imodzi ya mafuta a m'thupi ili na makalori pafupifupi 7,700. Tinene kuti munthu akudya makalori 700 pa tsiku, thupi lake likugwilitsa nchito 2,200. Kusiyana kwake ni 1,500 pa tsiku, kapena 10,500 pa sabata. Apo mafuta amene acoka safika na kilo imodzi na hafu. Koma lita imodzi ya madzi imalemela kilo imodzi ndendende. Thupi likasunga malita awili, nchito ya masiku 10 yabisika. Mafuta acoka, sikelo siinaone.

Cinanso, anthu amaiwala kuti ulendowu ni wautali bwanji. Ambili amacotsa magawo 25 mpaka 30 pa 100 a kulemela kwawo konse. Munthu wa makilo 120 angayembekezele kutaya 30 mpaka 36, koma pa caka cimodzi kapena caka na hafu. Amene anayamba na 160 adzataya makilo ambili pa mwezi kuposa wa 105, ndipo amuna kawilikawili amathamanga kuposa azimayi. So kudziyelekeza na munthu wa pa TikTok amene simudziwa anayambila pati ni kudzipweteka mutu cabe.

Za sikelo nazo tikambe. M'mawa munthu apima pa sikelo ya ku bafa, masana akwela pa ya anyamata a m'njila m'tauni atavala jinzi na nsapato, madzulo apimanso ku pharmacy. Masikelo atatu, manambala atatu. Cabwino ni kupima kamodzi pa sabata, m'mawa, pa sikelo imodzi, mutacoka ku toileti. Tepi ya telala m'ciuno na bowo la lamba nthawi zambili zimaonetsa kusintha pamene sikelo yaima. Kwa odwala shuga, manambala a shuga angatsike m'masiku ocepa makilo akalibe kucoka. Ici n'cifukwa cake mankhwala a shuga na BP afunika dokotala awaonenso msanga, apo ayi munthu angakomoke pa siteshoni.

Pali mbali imodzi imene mapepala a zakudya ocokela kunja sakamba: khichini yathu. Pepala limati masabata oyamba ni a zamadzimadzi, kenako zopela, kenako zofewa, ndipo cakudya colimba cimabwela pa sabata la 6 mpaka 8. Kwa ife zamadzimadzi ni maheu, munkoyo wothila shuga, juwisi, tiyi wa masupuni atatu. Izi zimadutsa m'cifu caching'ono popanda cotsekeleza, zili na shuga wambili, mapuloteni ocepa. Kwa wa bypass, zotsekemela zingabweletse thukuta, cizungulile na kutsegula m'mimba. Phala la ufa woyela nalo limadzaza malo a cinthu cofunika. Cimene thupi lifuna ni mapuloteni magalamu 60 mpaka 80 pa tsiku kuti cilonda cipole na kuti minofu isasungunuke pamodzi na mafuta. Sizifuna zamashopu odula zokha. Mkaka, mabisi, yogati yopanda shuga, ndipo nthawi yake ikakwana dzila lofewa, nsomba, kapenta wopela, nyemba zosefa, nkhuku yogaya. Dzila limodzi lili na magalamu 6 cabe, muone mmene nchito ilili kwa munthu amene amakhuta na masupuni anayi. Nsima iyembekeze. Imamata ndipo imatupa, ingakhale pa cifuwa ngati mwala.

Madzi afunika lita imodzi na hafu kapena kuposa pa tsiku, kumwa pang'onopang'ono tsiku lonse, osati pamodzi na cakudya. Apa m'pamene mantha a sikelo amawononga. Munthu waona kuti madzi amalemela, waleka kumwa. Mu October, m'minibasi yodzala, pa jamu ya pa Kafue Roundabout, munthu wotele angauume thupi mpaka impso kuvutika. Kuuma thupi ni cimodzi mwa zifukwa zazikulu zimene zimabwezela anthu m'cipatala m'mwezi woyamba.

Coopsa cina ni tiyi woyondetsa amene amagulitsidwa pa Facebook na m'tumashopu. Wambili amagwila nchito potsegula m'mimba, nthawi zambili na masamba a senna. Sikelo idzatsika, nizoona, cifukwa mwataya madzi na mcele wa m'thupi. M'maiko ena anapezapo zinthu zotele zitasakanizidwa mwakabisila na sibutramine, mankhwala amene anacotsedwa pa msika mu 2010 cifukwa ca ngozi ya mtima na sitiloko. Kuika zimenezi m'cifu cimene cikali na cilonda ca masabata atatu, ine nimaona ngati kuthila petulo pa mbaula. Mankhwala a ululu monga ibuprofen na diclofenac, amene timagula ngati maswiti, nawonso angabweletse zilonda m'cifu cotele. ZAMRA, bungwe loyang'anila mankhwala, ili na nchito yaikulu pa malonda a pa intaneti amenewa.

Pali zizindikilo zimene sizifuna kufunsa gulu la WhatsApp: mtima kugunda kupitilila ka 120 pa miniti mutakhala pansi, kutentha thupi, kupweteka kwa m'mimba kumene kukukula kapena kupweteka pa phewa lakumanzele, kupuma movutikila, mwendo umodzi kutupa, kusanza kosalekeza. Zingatanthauze kuti pamene anasoka pakudontha, kapena magazi aundana m'mitsempha, ngozi imene imakula na ulendo wautali wa pa ndeke. Kusanza kwa masiku ambili kumathetsa vitamini B1, ndipo izi zingawononge ubongo na mitsempha. Zikatele, thamangilani ku casualty ya cipatala cacikulu monga UTH kapena Levy Mwanawasa, mapepala a opaleshoni ali m'manja.

Apa m'pamene nimaona kuti anthu amawelengela molakwa bajeti. Amasunga ya tikiti, ya hotela na ya opaleshoni, amaiwala ya pambuyo. Opaleshoni ni ya maola awili kapena atatu, koma mavitamini, ayironi, calcium na B12 ni a moyo wonse, kupimitsa magazi ni kwa caka na caka, ndipo azimayi amalangizidwa kusatenga pakati kwa miyezi 12 mpaka 18. Musanakwele ndeke, pezani dokotala na katswili wa zakudya muno amene avomela kukuonani mukabwela, ndipo pemphani lipoti yolembedwa yoonetsa mtundu wa opaleshoni imene anacita.

Imwe acibale, na imwe muli na mbali. Ise a mu Zambia tili na pakamwa pa matupi a anzathu. Munthu akanenepa timati "mwaonekela, ndalama zabwela." Akayonda msanga, manong'onong'o a kaliondeonde amayamba, ngati tikali m'zaka za m'ma 1990. Akacedwa kuyonda, timati anamudyela ndalama ku India. Mukapita kukaona wodwala wotele m'mwezi woyamba, siyani funso la makilo na botolo la Fanta. Mufunseni ngati wamwa madzi ake lelo, ndipo ngati mufuna kunyamula kanthu, nyamulani mazila kapena mabisi.