Ameni yekha saponda mabuleki

Lacisanu lapita, cakumadzulo, ninakwela basi yopita ku Chawama. Munali mothinana monga masiku onse: anayi anayi pa mpando, thumba la kapenta la munthu wina pa maondo anga, mwana wa sukulu atanyamulidwa na amai amene si amai ake. Tikali pa stesheni, m'bale wina wa jekete yakuda anaimilila pa citseko n'kutipemphelela kuti tikafike bwino. Basi yonse inayankha ameni wamphamvu. Ngakhale kondakita analeka kuwelenga ndalama, n'kuvula kapusi.

Titangolowa mu Kafue Road, dalaiva anayamba zake. Anacoka pa mzele n'kuthamangila m'mbali mwa mseu, fumbi kobo, foni ili kukhutu, dzanja limodzi pa siteling'i. Tinatsala pang'ono kugunda mnyamata wokankha wilibala ya makala. M'basi munangoti zii. Ine amene nchito yanga ni kufunsa mafunso, amene nimaimika akuluakulu pa misonkhano ya atolankhani, ninagwila mpando wakutsogolo n'kutseka pakamwa. Mumtima ninali kupemphela, zoona. Koma liu silinatuluke.

Amene anakamba ni amai ena acikulile, ovala citenge ca cigwilizano ca azimai a ku chechi, atanyamula beseni la tomato lopanda kanthu. Sanakuwe. Anati, "Mwana wanga, ika foni pansi. Ngati iwe wacedwa, ise sitinacedwe. Ukakana, tiseluse pano."

Kondakita anaseka. "Amai, si mwapemphela manje manje apa? Mulungu alipo, osayopa."

Amai aja anamuyang'ana n'kunena kuti, "Napemphela, mwana wanga. Ndiye cifukwa cake nakamba."

Apo m'pamene ena tonse tinapeza mau. Dalaiva anang'ung'udza, koma foni anaiika m'thumba, basi inabwelela pa mzele.

Yankho la amai aja lanikhala m'mutu wiki yonse, ndipo niganiza kuti iwo amvetsa cinthu cimene ambili a ife timaphonya. Timaona monga cikhulupililo ni mankhwala ogonetsa: wapemphela, tseka maso, zocitika zicitike. Ine nikuti ayi. Cikhulupililo cimene cigonjetsa mantha n'cija cimene cikhazika mtima pansi mpaka munthu akwanitse kucita coyenela, olo maondo akunjenjemela.

Pa 29 December 1991, a Frederick Chiluba analengeza kuti Zambia ni dziko la Cikhristu, ndipo mu 1996 mau amenewo analowa m'malamulo oyendetsela dziko. Zaka zoposa 30 zapita. Ku komboni iliyonse machechi ni ambili, ena m'makalasi a sukulu, ena m'matenti. Kumbuyo kwa mabasi athu kwalembedwa maina a Mulungu. Koma yang'anani mmene tikhalila. Tiyopa alandilodi pa kutha kwa mwezi. Tiyopa majanki tikaseluka usiku magetsi atapita. Tiyopa foni ya kumudzi ikalila m'mamawa. Tiyopa abwana, tiyopa neba, tiyopa na kadzidzi wolila pa mtenje. Anthu opemphela conco, mantha onsewa acokela kuti?

Kuyopa pakokha si chimo. Munthu amene sayopa moto amapsa. Vuto ni pamene mantha akhala pa siteling'i, ise n'kukhala kumbuyo monga apasenja.

Tinaziona kuciyambi kwa 2020, nthawi ya gassing. Nkhani inayambila ku Chingola n'kufika kuno ku Lusaka, yakuti kuli anthu opopela mankhwala m'nyumba usiku. Mukumbukila mmene tinali kugonela: ena panja pafupi na mbaula, anyamata na zibonga m'makwalala, mapinto akulila usiku wonse, mpaka boma linatulutsa asilikali. Munthu wacilendo akangofunsa njila, wina akakuwa kuti "wa gasi uyo!", miyala inali kuyamba. Anthu ambili anaphedwa conco, opanda khoti, opanda kufunsidwa. Amene anatola miyala sanacokele kudziko lina. Anali ise, a m'makomboni mwathu, ndipo pa Sondo ambili tinavala bwino n'kupita kukaimba.

Mu Uthenga wa Yohane, caputala 8, muli khamu la anthu litanyamula miyala, mkazi mmodzi ali pakati. Yesu sanathawe, ndiponso sanalowe m'khamu. Anakhala pomwepo modekha mpaka anthu aja anayamba kucoka mmodzi mmodzi, kuyambila akuluakulu. Mu 2020 tinasowa Akhristu a mtundu umenewo, oimilila pakati n'kunena kuti timupeleke kupolisi. Kutola mwala n'kosavuta, kaili aliyense watola. Kuima pakati ndiye kufuna cikhulupililo.

Cina cimene cinivuta n'cakuti mantha asanduka malonda. Si abusa onse, ndipo ambili amene nidziwa ni anthu oona mtima, okhala pa malilo mpaka kuca. Koma alipo ena amene ulaliki wao wonse ni kukuuzani amene akukulodzani. Nchito yasowa? Ni atate aakazi a kumudzi. Mwana adwala? Ni neba. Akatsiliza kukuyofyani, atulutsa kabotolo ka mafuta, madzi na kasitika ka pa citseko, ciliconse na mtengo wake. Mwezi wamawa mubwelanso na loto lina, mulipilanso. Dzifunseni: kucokela pamene munayamba kupita kumeneko, mantha anu acepa kapena aculuka? Mugona tulo? Ambuya anu mukali kuwatumila foni, kapena munawabuloka? Mtengo umadziwika na zipatso zake. Ngati pemphelo likusiyani muli oyopa kuposa mmene munabwelela, pali cimene calakwika.

Ine munthu wa m'Baibo amene amanilimbitsa ni Petulo, cifukwa anali wamantha monga ine. Usiku umene Yesu anagwidwa, Petulo anali kuotha moto pabwalo la mkulu wa ansembe. Woyamba kumufunsa sanali msilikali, anali mtsikana wanchito cabe, koma Petulo anakana Mbuye wake, mpaka katatu. Mukatsegula buku la Machitidwe, caputala 4, mupeza Petulo yemweyo, mu Yerusalemu momwemo, ataimilila pamaso pa akuluakulu amene anaweluza Yesu. Anamuletsa kuphunzitsa, iye anakana kuleka. Ngozi sinacepe. Ndende inalipo, zikwapu zinalipo. Cimene cinasintha ni Petulo. Anali ataona kuti imfa ilibe mau otsiliza, ndiponso kuti amene anamukana uja anamukhululukila. Munthu wodziwa kuti moyo wake uli m'manja mwa Mulungu, amene amamuyofya atsala na zocepa zomuyofyela nazo.

Kulimba mtima kwa conco tinakuona nthawi ya kolela imene inayamba mu October 2023. Pofika January 2024, National Heroes Stadium inasanduka cipatala, ndipo masukulu anacedwa kutsegula mpaka February. Ambili dzina lokha la Heroes linali kutiyofya. Koma anamwino, madokotala na anthu oyeletsa anali kulowa mmenemo tsiku lililonse. Muganiza kuti sanali kuyopa? Naonso ali na ana kunyumba. Ndipo mai amene anabeleka mwana wake usiku kuthamangila kucipatala, m'malo momubisa m'nyumba n'kumamupemphelela cabe, sanaonetse cikhulupililo cocepa. Anapemphela ali panjila.

Nidziwa wina akamba kuti, "Iwe mtolankhani, kukamba n'kosavuta. Ukamudzudzula dalaiva, akutukwana pa anthu, mwina akuselusa pa mdima." N'zoona, zimacitika. Ndipo sinikuti muzilimbana na janki wogwila mpeni cifukwa ca foni. M'patseni, foni mudzagula ina. Cikhulupililo si kuyesa Mulungu. Koma m'basi muli anthu oposa 15, ndipo onse aona zimene inu muona. Aliyense ayembekezela mnzake kuti ayambe. Mutu umodzi susenza denga, koma pafunika mmodzi woyamba kugwila.

Tisaiwalenso kuti dalaiva nayenso athamangitsidwa na mantha. Ayopa kuti kashing'i ya mwini basi siikwana, mafuta adula, mawa makiyi apatsidwa wina. Ndiye cifukwa cake amai aja anamuitana kuti mwana wanga. Sanamunyoze, sanamutembelele. Anamukumbutsa kuti wanyamula anthu. Munthu wogwidwa na mantha amangokhala cete kapena amatukwana. Iwo anakamba zoona mwaulemu, ndipo cimeneco cimacokela mumtima wokhazikika.

Conco mawa m'mamawa, kaya mukwelela pa Kulima Tower, City Market, Lumumba kapena Millennium, m'bale wa jekete akaimilila pa citseko, yankhani ameni na mtima wonse. Ine nidzayankha. Koma ameni ameneyo tiyende naye. Dalaiva akagwila foni, kambani. Akakana, lembani nambala ya basi, a RTSA alipo pa nchito imeneyo. Mukamva "kawalala!" pa maketi, musathamangile mwala, thamangilani wapolisi. Wina akakuuzani kuti amai anu ni mfiti, m'funseni kuti kabotolo kake ni zingati, mudzamvetsa.

Amai a beseni anaselukila pafupi na maketi ya Chawama, ndipo dzina lao sininafunse. Kondakita anawatsitsila beseni na manja awili, n'kuwapatsa chenji yao yonse asanaipemphe. Ine ninapitilila, nili na manyazi pang'ono. Ulendo wotsatila, niyesa kukhala woyamba kukamba.