ZA PAKHOMO: Posiyira Mnansi Galu Wanu

Anthu a kwa Nkomeshya sakhalitsa pakhomo. Ena apita ku maliro, ena ku Lusaka kukagulitsa ndiwo pa msika wa Soweto, ena kukagonera ku mwambo wa Chakwela Makumbi. Ambiri amangouza mnansi ali kale pa njira kuti, "Mundionereko galu." Mau amenewa sakwanira.

Kukali masiku atatu, itanani mnansiyo azipatsa galu cakudya inu mulipo, pakuti galu saluma msanga dzanja limene walizolowera. Siyani gaga wokwanira masiku onse, mbale ya madzi ndi pogona pamthunzi. Galu wanjala amagwira nkhuku za eni, ndipo mlandu umakudikirani kwa anyakwawa. Mankhwala a makoswe ndi a m'munda muwatsekere m'nyumba.

Koma nkhani yaikulu ndi ciwewe. Galu ayenera kulandira katemera akakwana miyezi 3, ndiponso caka ndi caka. Onanani ndi a vetenale ku Chongwe, ndipo cikalata ca katemera mucisiye m'manja mwa wosungayo. Mumuuze kuti galu akaluma munthu, cilonda citsukidwe ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, wolumidwayo apite ku cipatala tsiku lomwelo. Galuyo amangidwe, asaphedwe, kuti a vetenale amuyang'anire masiku 10. Ciwewe cikayamba kuoneka pa munthu, mankhwala sathandizanso.

Mnansi akuthandizani mwa cifundo cabe. Musamsiyire tsoka, ndipo pobwerako mumtengereko kamcere kapena sopo.