Wodwala Afunsidwe za Mthiko ndi Khasu

Pali nthenda ina yosaoneka kawiri-kawiri imene madokotala amaicha kuti scleroderma, ndiko kunena kuti kuuma kwa khungu. Khungu la m'manja ndi la kumaso limakhuthala ndi kulimba ngati cikumba, zala zimapindika, ndipo pa cisanu ca mwezi wa June zimatuwa ndi kucita dzanzi cifukwa mwazi suyenda bwino. Imagwira akazi koposa amuna. Siyambukira, ndiponso si ufiti ai. Mankhwala oithetseratu kulibe, koma oicepetsa mphamvu alipo.

Popima nthendayi dokotala amatsina khungu pa malo 17 a thupi kuti aone kulimba kwace. Nzabwino zimenezo, koma khungu silinena ngati mai akhoza kuvundula nsima kapena kumanga citenje.

M'caka ca 1980 Dr James Fries ndi anzace a ku Stanford, m'dziko la Amereka, anakonza mafunso 20 okhudza kubvala, kunyamuka, kudya, kuyenda, kusamba, kufikira zinthu, kugwira ndi nchito za panyumba. Wodwala amayankha yekha, kuyambira pa 0, kutanthauza kuti palibe bvuto, kufikira pa 3, kutanthauza kuti walephereratu. Mu 1997 madokotala Steen ndi Medsger anaonjezapo mafunso a zilonda za m'zala, kupuma ndi m'mimba. Nzeru yace ndi ya makolo yomwe ija: wamva m'mimba ndiye atsekula citseko.

Komabe mafunsowo anabadwira m'nyumba za Azungu. Amafunsa za kutsegula citseko ca galimoto ndi kusamba m'bafa lalikulu lokhalamo. Wa ku Kabulonga kapena ku Woodlands akhoza kuyankha mosabvuta. Nanga mai wa ku Kabwata wocapa ndi manja m'madzi ozizira, kapena wa ku Chelstone wokoleza mbaula m'mamawa? Nanga mlimi wa ku Katete amene watumizidwa ku cipatala cacikulu ca UTH mu Lusaka? Iye akayankha kuti alibe galimoto, pepala lidzakhala cete pomwe khasu likumpulumuka m'manja.

Nkhaniyi si ya pepala cabe. Lamulo la anthu olemala la 2012 limapatsa bungwe la Zambia Agency for Persons with Disabilities udindo wolemba anthu otere m'kaundula. Munthu amene amayenda bwino koma manja ace anauma saoneka wolemala. Kumudzi amamunena ulesi, ndipo cilema cosalembedwa sicipeza thandizo.

Motero nkoyenera kuti a zaumoyo amasulire mafunsowa m'Cinyanja ndi m'zinenero zina za Zambia, naikemo kutunga madzi, kusinja, kulima ndi kubereka mwana kumbuyo. Odwala naonso asacite manyazi pamaso pa dokotala. Achule poyera nchito iliyonse imene yawakanika, ndipo acibale owaperekeza awathandize kukumbukira. Dokotala akadziwa kuti mthiko unali kugwirika caka catha koma tsopano wakanika, adzadziwanso kuti nthenda yakula, nasintha mankhwala nthawi isanathe.