Aphungu Afunse, Nduna Ziyankhe

Mai amene wayenda mtunda wa maola atatu ndi mwana wamalungo kumsana, nafika pa kiliniki, napatsidwa kapepala kakuti akadzigulire yekha mankhwala ku sitolo, kawiri-kawiri amabwerera kumudzi akung'ung'udza za namwino. Koma namwino sagula mankhwala, ndipo ndalama zogulira sizidutsa m'manja mwake. Ali ndi udindo umenewo ndi Nduna ya Zaumoyo, ndipo munthu amene ali ndi mphamvu yoimiritsa Ndunayo ndi kuifunsa pamaso pa dziko lonse ndi phungu amene maiyo anamponyera voti. Lero tifuna kukamba za nchito imeneyi ya kufunsa, cifukwa tiona kuti ambiri a ife kumidzi sitiiwerengera pamene tiyesa phungu wathu ngati wagwira bwino nchito kapena ai.

Lamulo lalikulu la dziko lathu, monga linakonzedwera mu 2016, linagawa nchito momveka bwino. Mtsogoleri wa dziko ndi nduna zake ndiwo ayendetsa Boma. Nyumba ya Malamulo, ija ili pa Manda Hill mu Lusaka, ipanga malamulo ndi kuyang'anira mmene Boma likuyendera. Ndime 63 ya lamulolo inena kuti aphungu ndiwo abvomereza ndalama zimene unduna uliwonse udzagwiritsa nchito, ndiwo aunika mmene zagwirira nchito, ndiwonso ayenera kubvomereza nkhongole Boma lisanaitenge ndi mapangano a maiko ena dziko lisanadzimangirire. Tsono phungu akafunsa Nduna sakucita cipongwe, ndipo Nduna ikayankha sikuti ikumcitira cifundo. Onse awiri akucita zimene lamulo linawatuma.

Njira zofunsira ziripo zingapo. Phungu atha kulemba funso ndi kulipereka ku ofesi ya Kalaliki wa Nyumba, kuti Nduna idzayankhe pakamwa kapena m'kalata. Likayankhidwa pakamwa, aphungu ena aloledwa kuonjezerapo mafunso ao, ndipo apa ndi pamene paonekera Nduna yodziwa unduna wake ndi Nduna yongowerenga zimene aikonzera. Tsiku Lacisanu, Nyumba ikakhala, Waciwiri kwa Mtsogoleri wa dziko amayankha mafunso amene sanauzidwiretu. Kukagwa mliri kapena nkhani ina yaikulu, Nduna ibwera kudzafotokozera Nyumba, ndipo ikatha kukamba ifunsidwa pomwepo. Palinso tumabungwe ta aphungu: kena kaona zaumoyo, kena kaona za citetezo ca dziko ndi nkhani za kunja, kena kaunika ndalama za Boma, ndipo kena nchito yake ndi kulondola malonjezo amene nduna zinapereka m'Nyumba. Zonse zikakanika, ndime 87 ilola aphungu kudzudzula Nduna mwalamulo, malinga gawo limodzi mwa magawo atatu a aphungu lasaina pempholo, ndipo magawo awiri mwa atatu alibvomereza pa voti.

Kuti zida zimenezi zimagwira nchito tinaziona mu January 2021. Kabungwe kounika ndalama za Boma, motsogozedwa ndi Bambo Howard Kunda amene panthawiyo anali phungu wa Muchinga, kanaitana akulu-akulu a Unduna wa Zaumoyo kuti afotokoze za pangano la madola 17 miliyoni logulira mabokosi a mankhwala ndi zipangizo za m'makiliniki. Pamaso pa aphungu panamveka kuti makondomu ndi magolovesi ena anagawidwa m'dziko ngakhale kuti anali atalephera poyesedwa ndi a Zambia Bureau of Standards. Anthu anamva zonsezi pa wailesi ndi pa wailesi ya kanema. Patangopita masiku owerengeka, pa 10 January, Mtsogoleri wa dziko wa nthawiyo, Bambo Edgar Lungu, anacotsa Dr Chitalu Chilufya pa udindo wa Nduna ya Zaumoyo. Aphungu aja sanamange munthu, pakuti kuweruza milandu ndi kwa makhoti. Iwo anangofunsa poyera, kufikira zimene zinali m'mapepala a m'maofesi zinafika m'makutu a mwini ndalama, amene ali inu.

Koma tisabise kuti zida zomwezi nthawi zina zimabuntha m'manja mwa eni ake. Cakumapeto kwa 1922 kunalibe Nyumba yotere, ndipo makolo athu analibe kofunsira. Ife amene tiri nayo tiyenera kudandaula ikagona. Cakumapeto kwa 2022, madandaulo a kusowa kwa mankhwala atacuruka, Sipikala wa Nyumba, Mai Nelly Mutti, anatuma kabungwe ka zaumoyo kuti kakaone kokha m'zipatala. Kabungweko, kamene wapampando wake anali phungu wa cipani colamula, kanayendera zigawo ndi kubwerako ndi lipoti lakuti mankhwala analidi operewera. Lipotilo litafika m'Nyumba, aphungu ambiri anakana kulilandira. Akulu anati khoswe akakhala pa mkhate sapheka. M'dziko lathu nduna zimasankhidwa pakati pa aphungu omwewo, ndipo phungu wa cipani colamula amaopa kuti akalasa Nduna aswa mkhate wa cipani cake, kapena adzitsekera khomo la unduna mawa. Matenda amenewa si a cipani cimodzi. Taona zipani zikusinthana mipando mu 1991, mu 2011 ndi mu 2021, ndipo ofunsa mwaukali dzulo akhala oteteza lero. Koma malungo safunsa khadi la cipani. Lipoti lonena zoona likakanidwa, Nduna ipulumuka manyazi a tsiku limodzi, shelefu ya pa kiliniki nikhalabe yopanda kanthu.

Cinanso cimene cifooketsa Nyumba ndi kufunsa kamodzi ndi kuiwala. Mliri wa kolera utabuka mu 2017 ndi 2018, bwalo la masewera la Heroes mu Lusaka linasanduka cipatala. Mu January 2024 bwalo lomwelo linasandukanso cipatala ca kolera, masukulu anacedwa kutsegulidwa kufikira mu February, ndipo mliriwo unapha anthu oposa 700. Pakati pa miliri iwiriyi panadutsa zaka zisanu ndi cimodzi, maboma awiri, ndi malonjezo ambiri a madzi abwino ndi zimbudzi. Funso la phungu lisamathere pa tsiku la maliro. Nduna ikati cipatala cidzamangidwa, phungu alembe tsikulo, ndipo caka cikatha aimirirenso ndi kufunsa kuti njerwa zafika pati. Pa nthawi ya bajeti afunsenso kuti dziko lafika pati pa lonjezo limene maiko a mu Africa anapanga ku Abuja mu 2001, lakuti 15 kwacha pa 100 kwacha iriyonse ya bajeti idzipita ku zaumoyo.

Tsopano tibwere ku nkhani za kunja kwa dziko. Ambiri amayesa kuti izi ndi za anthu obvala masuti amene amakwera ndeke, ndipo aphungu enanso amaziona ngati munda wa Mtsogoleri wa dziko yekha. Koma anthu a kum'mawa kuno adziwa bwino kuti za kunja zimafika pakhomo. Akulu-akulu a ku Chadiza, Katete ndi Petauke akumbukira zaka za kumapeto kwa ma 1980, pamene zigawenga za Renamo zinali kuoloka malire kucokera ku Mozambique ndi kupha anthu m'midzi, ndiponso pamene othawa nkhondo anakhazikitsidwa ku Ukwimi. Akumbukiranso kusowa kwa katundu Rhodesia itatseka malire mu 1973. Mtengo wa feteleza, msika wa cimanga ndi nsawawa, ulendo wa mai wamalonda wodutsa pa Mwami kapena pa Chanida, zonsezi zidalira zimene nduna zathu zagwirizana ndi anzao a maiko ena.

Ngakhale mbulu wa mankhwala umene namwino akupatsani uli ndi nkhani za kunja mkati mwake. Kwa zaka zambiri gawo lalikulu la mankhwala a Edzi, a malungo ndi a cifuwa cacikulu lakhala likugulidwa ndi thandizo la maiko ena. Mu May 2025, kazembe wa dziko la United States panthawiyo, Bambo Michael Gonzales, analengeza kuti dziko lake lidzadula madola 50 miliyoni pa thandizo la mankhwala la caka ndi caka. Iye anati anthu ake anayendera masitolo a mankhwala oposa 2,000 pakati pa 2021 ndi 2023, napeza kuti mankhwala operekedwa kuti odwala alandire mwaulere anali kubedwa ndi kugulitsidwa. Boma linayankha kuti linali litayamba kale kufufuza ndi kugwira ena, ndipo Nduna yoona za kunja panthawiyo, Bambo Mulambo Haimbe, inakumbutsa akazembe kuti madandaulo ao adzidzera m'njira za ukazembe, osati m'manyuzipepala.

Ife tibvomereza kuti dziko lodzilamulira liyenera kulemekezedwa ndi alendo ake. Koma ulemu umenewo tidzausunga ngati zakuba za m'nyumba mwathu ziululidwa ndi eni nyumba mlendo asanatsegule pakamwa. Nkhani yonga iyi iyenera kuimiritsa nduna ziwiri pamodzi. Ya zaumoyo ifotokoze kuti katoni ya mankhwala imasowa pati pakati pa nyumba yosungiramo ku Lusaka ndi kiliniki ya kumudzi, ndi kuti akulu angati, osati ogulitsa m'tumasitolo okha, afika ku khoti. Ya za kunja ifotokoze kuti inamva liti dandaulo la opereka thandizo, inacitapo ciani, ndi kuti tinalonjeza ciani posinthana ndi thandizolo. Tumabungwe tiwiri timene tiona maunduna amenewa tingacite bwino kukhala pamodzi pa nkhani zotere, pakuti kabungwe kalikonse pakokha kamaona theka cabe.

Za nkhongole ndi mapangano nazonso tinaphunzira mowawa. Mu 2012, 2014 ndi 2015 dziko linakongola madola 3 biliyoni pa misika ya kunja, ndipo mu November 2020 linalephera kulipira ciongola dzanja ca madola 42.5 miliyoni. Ndalama iriyonse yopita ku nkhongole ndi ndalama imene sinagule mankhwala kapena kulemba nchito namwino. Ndiye cifukwa cake lamulo la 2016 lonena za kubvomereza mapangano a maiko ena, ndi la 2022 lonena za kasamalidwe ka nkhongole za Boma, anaika aphungu pakhomo kuti cinthu cisadutse iwo asanacione. Nzoona kuti zokambirana zina pakati pa maiko zimafuna cinsinsi zikali mkati. Koma zikapsa, pangano limene lidzamanga ana ndi adzukulu athu liyenera kuyalidwa pa tebulo la Nyumba, aphungu aliwerenge tsamba ndi tsamba asanati inde. Safunsa anadya phula.

Kwa nduna tinena kuti kuyankha moona sikucepetsa munthu. Nduna imene ibvomera kuti mankhwala acepa, nichula tsiku limene adzafika, ikhulupirika koposa imene inena kuti zonse ziri bwino pamene odwala akubwezedwa. Kwa aphungu a cipani colamula tinena kuti bwenzi leni-leni la Boma ndi amene aliuza kuti denga likudontha mvula isanakule. Kwa a zipani zotsutsa tinena kuti kukuwa ndi kutuluka m'Nyumba sikufunsa ai. Funso labwino limadza ndi dzina la kiliniki, mtundu wa mankhwala ndi masiku amene akhala akusowa, kotero kuti Nduna isowe pozembera.

Ndipo kwa inu owerenga tinena kuti wamva m'mimba ndiye atsekula citseko. Ndalama za citukuko ca m'madera, za CDF, zitakwera kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni mu 2022, ambiri anayamba kuyesa phungu ndi mijigo ndi madesiki okha, monga kale tinali kumuyesa ndi bokosi la maliro ndi thumba la ufa. Zimenezo nzabwino, koma mjigo ungakumbidwe ndi khansala, pamene kufunsa Nduna m'Nyumba ya Malamulo palibe wina angakucitireni koma phungu. Nyumbayi inatsegula maofesi m'madera a aphungu kuti mudzipereka madandaulo anu kumeneko. Makomiti a zaumoyo a m'midzi, mafumu ndi a mipingo alembe zimene zikusowa pa kiliniki yao, ndi masiku ake, apereke ku ofesiyo ndi kusunga kope. Pamene Nyumba ikukhala, cherani khutu ku wailesi, mumve ngati dzina la dera lanu lichulidwa.

Phungu akadzabwera kudzacititsa msonkhano pansi pa mtengo, mlandireni ndi ulemu wonse, mumpatse mpando. Akatha kukamba, mmodzi wa inu aimirire ndi kumfunsa kuti, "Bwana, za mankhwala a pa kiliniki yathu munafunsa liti, ndipo a Nduna anayankha ciani?"