Makina a feteleza ayesedwe ndi funso la mlimi

Ndola inali pakati pa maboma 13 amene anayamba kulandira thandizo la FISP kudzera pa khadi la e-voucher mu 2015. Mu 2017 njira iyi inafalikira dziko lonse, ndipo maina a alimi analowa mu kompyuta ya ZIAMIS. Tikumbukira bwino: mlimi wapereka K400 yake, mvula yagwa, koma khadi silinatseguke.

Olemba mapulogalamu ali ndi mwambo wabwino. Amalemba timapulogalamu tina toyesa ngati pulogalamu yaikulu igwira nchito. Vuto ndi lakuti ena amayesa zam'kati cabe, monga dzina la kagawo kakutikakuti ndi mmene mizere yatsatirana. Akasintha kamangidwe pang'ono, mayesowo amalira kuti zalakwika pamene zili bwino, anyamata n'kutha masiku akukonza mayeso m'malo mokonza vuto. Coipa koposa, mayeso otere angathe kunena kuti zonse zili bwino pamene mlimi wa ku Misundu abwerera kunyumba cimanjamanja.

Ku cigayo sitiwerenga mabauti, timagwira ufa.

Tipempha ophunzira a pa Copperbelt University ku Kitwe, ndi onse ogulitsa makina otere ku boma, kuti mayeso ayambire pa mlimi. Walipira, kodi khadi latseguka? Nanga netiweki ikasowa pa sitolo ya feteleza, acoka ndi matumba ake? Ndipo mayesowo acitike mu August, a makopaletivu ndi a miphakati alipo, osati mu December cimanga citamera kale.